Voliyumu ikamathetheka, yesani PT2313

Amisiri a mawailesi ku Chitakale ndi ku Luchenza mukudziwa kuti chiperoni ikabwera, ampulifaya imathetheka mukangopotokola voliyumu. Chinyontho ndi fumbi zimalowa m'kati mwa kopotokolera n'kudya njira ya kaboni. Kupoperamo mankhwala kumangogoneka vutolo kwa masabata ochepa. M'malo mwa kopotokolerako yesani PT2313. Chip imeneyi, ya miyendo 28, imene imapezeka m'mawailesi ambiri a m'galimoto, ilibe chopekesana. Voliyumu, besi ndi trebo imazisintha ikalamulidwa ndi Arduino, kabolodi kamene mumakalembera pulogalamu.

Mawaya olamulira ndi awiri okha: SDA ku A4 ndi SCL ku A5 pa Arduino Uno kapena Nano, iliyonse ndi resistor ya 4.7k yopita ku 5V. Pa adiresi, nambala imene Arduino imayitanira chip, ndi pamene ambiri amagwa. Datasheet (chikalata chofotokoza chipyo) imalemba 0x88, koma mu Wire, laibulale ya Arduino yolankhulira ndi chip, mulembe 0x44, apo ayi chip ingokhala duu. Manambala a voliyumu nawonso ndi otembenuka: 0 ndiye kukweza kotheratu, 63 ndiye pansi penipeni, ndipo sitepe iliyonse ndi 1.25 dB. Munthu akayambira pa 0 amadzidzimutsa mudzi wonse, mwinanso kuwotcha sipika. Besi ndi trebo zimakwera kapena kutsika mpaka 14 dB.

Nkhani yaikulu ndi moto. Chip imeneyi imafuna 9V, ndipo isapitirire 10V. Batire ya sola ikamatchajidwa masana imafika 14V, choncho osalumikiza mwachindunji. Ikani pakati 7809, kachipangizo kotsitsa moto kufika pa 9V, ndi capacitor ya 100nF pafupi kwambiri ndi mwendo wa moto. Koma 7809 imafuna 11V kapena kuposerapo. Batire ikafooka usiku mawu amayamba kusasa, munthu n'kumanamizira chip. Yezani batire kaye musanamatule chilichonse.

Mukamva kulira kwa ziii kapena tikitiki popotokola encoder (kopotokolera kolumikizidwa ku Arduino), ndiye kuti ground ya Arduino ndi ya mawu zayenda njira imodzi. Zikumane pamalo amodzi okha, pafupi ndi 7809, ndipo mawaya a SDA ndi SCL atalikirane ndi olowetsa mawu.

Moto ukazima, chip imaiwala zonse. Sungani manambala mu EEPROM ya Arduino, malo osungira osafufutika moto ukazima, koma osati pa sitepe iliyonse, chifukwa malo amodzi amapirira kulembedwa pafupifupi ka 100,000. Lembani patatha masekondi asanu dzanja litachoka. Mukamaliza kuwotcherera, pukutani bolodi ndi sipiriti, liume, kenako mulipake vanishi wopyapyala.