Mmene mungazindikirire nyimbo za bluegrass

Poyamba dziwani kuti bluegrass ndi dzina la udzu. Umamera kwambiri ku Kentucky, ku America, ndipo akatswiri a zomera amautcha Poa pratensis. Masamba ake ndi obiriwira ndithu, koma ukasiyidwa osamwetedwa, ngala zake zimaoneka ngati zabuluu. Bill Monroe, mwana wa ku Kentucky komweko, anatcha gulu lake loyimba Blue Grass Boys pokumbukira kwawo, ndipo m'kupita kwa nthawi nyimbo zamtunduwu zinatengera dzinali.

Tsono pomvetsera, tcherani khutu ku banjo. Ine ndimayambira pamenepo nthawi zonse. Earl Scruggs atalowa m'gululi mu 1945 ankaliza banjo ndi zala zitatu, chachikulu ndi ziwiri zotsatana nacho, kulira kwake kumangowirikiza ngati mvula pa malata. Mukamva zimenezo, mwayandikira.

Kenako funafunani ng'oma. Kawirikawiri simuipeza. Kugunda kumachokera ku bass yaikulu yoimika pansi, mandolin (kachoyimbira kansambo kakang'ono kuposa gitala) n'kumadulira pakati pake. Mvetseraninso mmene zoyimbira zimapatsirana mpata: vayolini, gitala, mandolin, chilichonse nthawi yake. Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi mawu a woyimba, okwera m'mwamba ngati a munthu wosowa kwawo.