Mukafika ku Washington, zithunzi zakale za America muziona chonchi

Abale akabwera kuchokera kumudzi kudzationa kuno ku Maryland, ulendo wa ku Washington sulephera. Aliyense amafuna kukajambulitsa kutsogolo kwa White House ndi ku Capitol, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma ine ndimawapempha kuti andipatseko maola awiri okha tikalowe mu National Gallery of Art, kuzipinda kumene kuli zithunzi zopenta pamanja za anthu a ku America a zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Ndimalimbikira chifukwa mbiri ya dziko lino, yokoma ndi yowawa yomwe, ili pamakoma amenewo, ndipo munthu amaimva msanga ndi maso kusiyana ndi kuuzidwa.

Kulowa n'kwaulere, sipafunika tikiti. Nyumbayi inatsegulidwa mu 1941, inali mphatso ya Andrew Mellon, munthu wachuma amene anakhalapo nduna ya zachuma ya dziko lino. Amatsegula tsiku lililonse kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, kupatula pa 25 Disembala ndi pa 1 Januwale. Chenjezo limodzi: andale akakanika kugwirizana za bajeti, boma n'kutseka ntchito zake, nyumbayi nayonso imatha kutsekedwa, monga zinachitikira mu Januwale 2019. Choncho musananyamuke yang'anani pa nga.gov. Pomwepo mukhoza kulemba dzina la chithunzi chimene mukuchifuna n'kuona ngati chili pakhoma, chifukwa zina amazichotsa kukazikonza kapena kuzibwereketsa kwina.

Galimoto isiyeni kunyumba, malo oimikapo kumeneko ndi ovuta. Kwerani sitima ya Metro. Ife a ku Silver Spring timakwera Red Line n'kutsikira pa Judiciary Square, kenako n'kuyenda pansi kulowera ku National Mall, bwalo lalitali la udzu limene lili kutsogolo kwa Capitol. Amene ali pa Green Line kapena Yellow Line atsikire pa Archives, ndi pafupi kwambiri. Nyumba zilipo ziwiri: East Building, ya makona akuthwa, imene inatsegulidwa mu 1978 ndipo muli zojambula zamakono, ndi West Building, yaitali ya nsanamira. Inu lowani ya nsanamirayo. Pakhomo alonda amasegula zikwama, ndiye musanyamule katundu wambiri. Chikwama cha kumsana salola kuchibereka m'zipinda za zithunzi, poopa kuti potembenuka mungakhule chithunzi. Zakudya ndi zakumwa zisatuluke m'chikwama. Valani nsapato zofewa, pansi pake mpolimba ndipo mawondo amamva.

Mukalowa tengani mapu aulere patebulo la alendo, mufunse kuti zithunzi za ku America zili kuti. Zili pansanja yaikulu, mbali ya kum'mawa, cha kumene kuli Capitol. Panjira mudzadutsa zipinda zodzaza ndi zithunzi za ku Italy, ku Netherlands ndi ku France, ndipo mtima udzakuuzani kuti muime paliponse. Limbani mtima, dutsani. Amene amafuna kuona zonse tsiku limodzi amafika ku zithunzi za America maso atatopa kale, n'kumangoyenda akuyang'ana foni. Sankhani zithunzi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, chilichonse muchipatse mphindi zosachepera khumi.

Kaonedwe kanga ndi aka. Kachikwangwani ka pambali musayambe kukawerenga. Imani kaye patali, chithunzi chonse chikwane m'maso, muone kumene diso lanu likuthamangira. Mukatero sendererani, koma pakhale mpata wa sitepe imodzi yabwino, ndipo chala chisaloze pafupi ndi penti, alonda sachedwa kulankhula. Yang'anani m'makona ndi kumbuyo kwa anthu akuluakuluwo. Mudzifunse kuti ndani wakhala pampando, ndani waimirira, ndani ali mumdima, ndipo ndani analipira kuti chithunzichi chipentedwe. Kachikwangwani kabwere pomaliza.

Yambani ndi Watson and the Shark cha John Singleton Copley, cha mu 1778. Ndi chachikulu, mulifupi mwake chimaposa mamita awiri, ndipo ana ndi amene amayamba kuchithamangira. Nkhani yake inachitikadi: mu 1749, mnyamata wa zaka 14 dzina lake Brook Watson ankasambira padoko la Havana ku Cuba, shaki n'kumuluma mwendo wakumanja mpaka unadulidwa m'munsi mwa bondo. Anapulumuka, anadzalemera, mpaka anakhala Lord Mayor wa London mu 1796. Pachithunzipo ali chagada m'madzi, thupi loyera mbee, dzanja atalikweza, shaki ikubwera kukamwa kuli yasa. M'bwato muli amuna asanu ndi anayi. Awiri aweramira m'madzi kufuna kumugwira koma manja sakufika, wina wamugwira mnzake malaya kuti asagwere, ndipo kutsogolo wina wakweza ndodo ya chitsulo kuti abaye shaki.

Apa ndi pamene ndimakhalitsa. Pakati pa gululo, pamwamba pa anzake, paimirira munthu wakuda, ndipo chingwe chimene aponyera mnyamatayo chili m'manja mwake. Sanamuike pakona, sanamuveke zoseketsa, nkhope yake ndi ya munthu amene ali ndi chisoni ndi mwana wa mnzake. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo zombo zinali zikutsitsabe anthu ogwidwa ku Africa padoko lomwelo la Havana. Onaninso kuti chingwecho chadutsa pamkono wa mnyamatayo koma sanachigwire. Copley waimitsa nkhani pamene sitikudziwa ngati mwanayo apulumuke, ndipo n'chifukwa chake munthu umapezeka wagwira mpweya.

Mukachoka pamenepo funani The Washington Family cha Edward Savage, chimene anachimaliza mu 1796. George Washington wakhala pampando atavala za usilikali, mkazi wake Martha akuloza ndi chokupizira mphepo pamapu a mzinda watsopano, womwe ndi Washington muli inuyo, ndipo adzukulu awiri a Martha ali pambali pawo. Anthu ambiri amaonera pomwepo n'kupita. Inu yang'anani kudzanja lanu lamanja, kumbuyo kwa mpando wa Martha. Pali bambo wakuda ataimirira mumthunzi, atavala yunifolomu ya wantchito wa m'nyumba. Ndi kapolo, ndipo dzina la chithunzicho silimuwerengera. Pamene Washington ankamwalira mu 1799, pamunda wake wa Mount Vernon panali akapolo 317. Mukaona bamboyu mutangochoka kwa uja wa chingwe, mudzazindikira kuti malo amene munthu wapatsidwa pachinsalu amanena zambiri kuposa mawu a pakachikwangwani.

Pali kachithunzi kena kakang'ono kamene anthu amakadutsa, The Westwood Children, ka cha m'ma 1807. Ndi anyamata atatu apachibale atavala zobiriwira zofanana, pambali pali kagalu kakuda katanyamula mbalame kukamwa. Anthu ake amaoneka ouma pang'ono, sali ngati a Copley. Koma amene anakapenta ndi Joshua Johnson wa ku Baltimore, mwana wa mayi amene anali kapolo. Johnson anamasulidwa mu 1782 n'kumadya za burashi yake, akupenta mabanja a azungu olemera. Ali m'gulu la anthu akuda oyambirira odziwika kuti ankagwira ntchito imeneyi ku America. Kwa ine zimenezo n'zokwanira kuti ndiimepo mwaulemu.

Tsopano miyendo yayamba kudandaula, ndiye pitani mukapeze The Voyage of Life cha Thomas Cole, cha mu 1842. Ndi zithunzi zinayi zonena nkhani imodzi, ndipo muyenera kuzitsata mwandondomeko: ukhanda, unyamata, uchikulire, ukalamba. Poyamba khanda likutuluka m'phanga lili m'bwato, mngelo ndiye wagwira chiwongolero, maluwa ali ponseponse. Chachiwiri mnyamata walanda chiwongolero, mngelo watsala pagombe akumutsanzika, iye maso ali pa nyumba yachifumu imene ikuoneka m'mitambo. Yang'anitsitsani mtsinjewo chakutali: wakhota, sukupita kunyumba yachifumuyo, ukulowera kumiyala. Mnyamatayo sakuona, koma inu mukuona. Chachitatu kwada bii, madzi akuthamanga, chiwongolero chathyoka, bamboyo wangopinda manja kupemphera. Chomaliza nkhalamba yafika panyanja yabata, mngelo wabweranso akumulozera kuwala kumwamba. Kutsogolo kwa bwato kuli kachiboliboli konyamula kabotolo ka mchenga koyezera nthawi. Katsateni pazithunzi zonse zinayi muone chimene chikuchitikira. Amayi ena achikulire a kumpingo kwathu atafika pa chachitatu anangoti, "Apa ndi pamene tili ife," ndipo sanafune kufulumira kuchokapo.

Cole ndiye amatengedwa ngati tate wa gulu la openta mapiri, mitsinje ndi nkhalango lotchedwa Hudson River School, ndipo wophunzira wake Frederic Edwin Church ndi amene anapenta Niagara mu 1857. Chithunzichi n'chotambalala kwambiri koma chachifupi msinkhu. Church sanaikepo gombe loti woonera aimepo, madzi akuyambira m'munsi mwenimweni mwa chinsalu, ndiye mukaima pakati pake mumamva ngati akukukokerani kuphompho. Chionereni patali kaye, kenako sendererani muone mmene wapentera thovu ndi kobiriwira ka madzi pamene akugwa. Chitangotha, anthu ku New York ankalipira masenti 25 kuti achione. Chinabwera muno chitachoka ku Corcoran Gallery of Art, nyumba ina ya zithunzi ya mu Washington momwemo imene inatsekedwa mu 2014.

Kuchokera ku Corcoran komweko kunabweranso The Last of the Buffalo cha Albert Bierstadt, cha mu 1888. N'chokongola, ndipo kukongolako ndi kumene muyenera kusamala nako. Mwamuna wa mitundu ya eni nthaka a ku America ali pahatchi yoyera akubaya njati ndi mkondo, pansi pali zigaza ndi njati zakufa, kutali kuli khamu la njati losawerengeka. Woona mwachangu anganene kuti eni nthakawo ndiwo anamaliza njati. Zoona zake n'zakuti njati, zimene kale zinalipo mamiliyoni ambirimbiri, zinaphedwa makamaka ndi alenje achizungu a mfuti ofuna zikopa, njanji zitafika kumadzulo, ndipo pofika nthawi ya chithunzichi zinali zitatsala pafupifupi 1,000 zokha. Mlenje wa mfutiyo pachithunzipo palibe. Mukakhala ndi ana a sukulu, afunseni kuti akusowa ndani, muwapatse nthawi aganize.

Ngati chili pakhoma tsiku limenelo, musachoke osaona A Pastoral Visit cha Richard Norris Brooke, cha mu 1881. Abusa achikulire, tsitsi laimvi, akhala patebulo m'nyumba ya banja la anthu akuda ku Virginia, patangopita zaka 16 ukapolo utathetsedwa. Mayi wa pakhomo akuwagawira chakudya, bambo akumvetsera, ana ali chapafupi, ndipo banjo ili poonekera. Aliyense amene anakulira m'nyumba imene abusa akabwera kudzayendera nkhosa mbale yabwino imatuluka m'kabati, adzazindikira zonse zimene zikuchitika pamenepo popanda womufotokozera. Nthawi imeneyo azungu ambiri ankajambula anthu akuda mowanyoza. Brooke, mzungu wa ku Warrenton, anawapatsa ulemu wawo.

Zina mungazione modutsa ngati mphamvu zilipo: Breezing Up cha Winslow Homer, bambo ndi anyamata atatu m'bwato la matanga, ndi nkhope za mapulezidenti asanu oyambirira zimene anapenta Gilbert Stuart. Chapafupi pali chosema chachikulu cha Augustus Saint-Gaudens chokumbukira asilikali akuda a gulu la 54th Massachusetts ndi mtsogoleri wawo Robert Gould Shaw, amene anaphedwa ku Fort Wagner mu 1863, pankhondo ya pachiweniweni ya ku America. Si chopenta, koma yendani m'mbali mwake muone nkhope za asilikaliwo imodziimodzi, chifukwa palibe ziwiri zofanana.

Kujambula ndi foni amalola m'zipinda zambiri, kupatula pamene alemba kuti ayi, koma ndodo zija zoikapo foni podzijambula amaletsa. Ine ndimati jambulani mukatha kuona, ndipo mujambulenso kachikwangwani kuti mukakumbukire dzina mukafika kunyumba. Ana aang'ono musawakakamize kupirira maola awiri. Awonetseni shaki, kagalu ka ana a Westwood ndi mathithi, kenako mupite nawo pansi, panjira yolumikiza nyumba ziwirizi, pamene pali msewu woyenda wokha wozunguliridwa ndi timagetsi tambirimbiri. Malo odyera ali pomwepo, ngakhale mitengo yake ndi yokwera, ndiye ambiri timanyamula zathu n'kukadyera panja pa udzu wa National Mall.

Amene zamukoma apatule tsiku lina la Smithsonian American Art Museum, imene ili pafupi ndi siteshoni ya Gallery Place. Nayonso ndi yaulere, imatsegula 11:30 m'mawa mpaka 7 koloko madzulo, ndipo kumeneko ndi kumene kuli zithunzi zambiri za mafumu ndi anthu a mitundu ya eni nthaka zimene George Catlin anapenta m'zaka za m'ma 1830.