Momwe mungasankhire mafuta oteteza khungu ku dzuwa la kuno ku Tete

Mwana wa mchemwali wanga ndi wachialubino. Tsiku lina tikukumba kachewere ku Tsangano, anabwerako kumunda khosi litafiira ngati wathiridwa madzi otentha. Kunja kunkazizira, ndiye palibe amene anaganizira za dzuwa. Kumapiri kwathu kuno, ku Angónia ndi ku Tsangano, mphepo imatinamiza, koma kuwala kwa UV komwe kumaotcha khungu kumakula mukamakwera kumtunda. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kugula mafuta amenewa mosamala, ndipo nazi zomwe ndimachita.

Choyamba, tembenuzani botolo. Kutsogolo amalemba mawu okopa okhaokha, zenizeni zili kumbuyo. Mabotolo ambiri m'mafamasi a ku Ulónguè, Moatize kapena mumzinda wa Tete amalembedwa m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi, choncho fufuzani mawu awiri: óxido de zinco kapena zinc oxide, ndi dióxido de titânio kapena titanium dioxide. Awa ndi mankhwala ochokera ku miyala ya m'nthaka, ndipo amakhala pamwamba pa khungu osalowerera kwenikweni m'thupi. Mu 2019 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linanena kuti awiriwa ndiwo lingawatchule kuti ndi otetezeka, pamene ena ambiri linati akufunika kuwaunikanso. Pa awiriwa ine ndimakonda zinc oxide, chifukwa amatchinga bwino mitundu yonse iwiri ya kuwala kwa UV, UVA ndi UVB yemwe, komanso savuta pakhungu la ana. Ndi mankhwala omwewo amene ali m'mafuta oyera aja opaka khanda likapsa ndi thewera.

Mukaona oxybenzone kapena octinoxate, bwezerani botololo pashelefu. Ku Hawaii analetsa kugulitsa mafuta okhala ndi mankhwala awiriwa kuyambira mu 2021 pofuna kuteteza matanthwe amoyo a m'nyanja. Wina anena kuti kuno nyanja yamchere ili kutali. Inde, koma zomwe tadzola timakazisambira mumtsinje, ndipo Revúbuè amathira mu Zambezi, Zambezi n'kukathira ku Indian Ocean. Madzi a Cahora Bassa omwe amatipatsa kapenta nawonso ndi ofunika kuwasamala.

Chachiwiri, onani nambala yosonyeza mphamvu ya mafutawo potchinga dzuwa. Pa Chipwitikizi amalemba FPS, pa Chingerezi SPF. Musatsike pa 30. SPF 30 imatchinga pafupifupi 97 peresenti ya UVB, pamene 50 imatchinga pafupifupi 98. Kwa munthu wachialubino tengani 50 kapena kuposa. Onetsetsaninso kuti palembedwa UVA, chifukwa nambala ija imanena za UVB basi.

Chachitatu, sankhani opaka ndi manja, osati opopera. Opopera amauluka ndi mphepo, ena n'kulowa m'mphuno mwa mwana.

Tsono pali vuto lomwe anthu akhungu lakuda timadandaula nalo: mafutawa amasiya mbuu, munthu n'kuoneka ngati wachokera kuchigayo. Ndi zoona, ndipo ambiri amawasiya pa chifukwa chimenechi. Pakani pang'onopang'ono, kachigawo kamodzi kenako kena, mukutikita mpaka kuyerako kuchepe. Aliponso osakaniza ndi utoto wofiirira, amene amagwirizana ndi khungu lathu. Ndipemphe chinthu chimodzi apa: musasokoneze mafuta amenewa ndi aja oyeretsa khungu ogulitsidwa pamsika. Oyeretsawo amafooketsa khungu, dzuwa n'kumaliotcha mosavuta.

Chachinayi, werengani deti lothera ntchito pomwe palembedwa validade, ndipo muone pamene botolo lasungidwa. Mumzinda wa Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Botolo lomwe lakhala padzuwa pabenchi tsiku lonse musaligule ngakhale litchipe. Mafuta akalekana, madzi pawokha phala pawokha, ndiye kuti awonongeka.

Mukafika nawo kunyumba, yesani kaye pang'ono mkati mwa mkono n'kudikira tsiku limodzi. Ngati palibe kuyabwa, yambani kudzola. Pankhope ndi pakhosi pa munthu wamkulu pamafunika pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, ndipo musaiwale makutu, milomo ndi kuseri kwa manja. Bwerezani pakatha maola awiri alionse, komanso mukatuluka thukuta kwambiri kapena mukasamba. Khanda losakwana miyezi 6 ingolisungani pamthunzi.

Mafuta awa ndi okwera mtengo, sindikana. Kwathu timawapulumutsa povala chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali, n'kupaka malo otsala poyera okha. Mwana uja timapita naye kumunda m'mamawa, dzuwa likamafika paliwombo amakhala ali pansi pa mtengo. Ngati muli ndi wachialubino pakhomo, funsani kuchipatala chapafupi ngati alipo mafuta othandizira, ndipo kachilonda kalikonse kosapola pakhungu lake kaonetseni kwa adokotala sabata yomweyo.