Agogo odwala shuga asamayandikitse mapazi ku mbaula

Inu amene mukusamalira agogo odwala shuga kuno ku Dedza, chenjerani ndi mbaula kukamazizira mu Juni ndi Julayi. Shuga amawononga mitsempha ya kumapazi, ndiye munthu amatha kupsa osamva kanthu. Chilonda chakenso chimavuta kupola, ena mpaka amadulidwa mwendo.

Avekeni masokosi okhuthala, mbaula ikhale patali ndi miyendo. Madzi osamba muziyamba mwawayesa inuyo ndi chigongono. Madzulo aliwonse yang'anani mapazi awo, kunsi ndi pakati pa zala pomwe, poti ambiri timaiwala pamenepo, ndipo muwapukute aume bwinobwino. Asamayende opanda nsapato ngakhale pongozungulira pakhomo.

Mukaona matuza kapena kachilonda, chonde musathirepo zitsamba. Pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.