Seva yachiwiri ya imelo, yolandira makalata yoyamba ikazima

Kuti maimelo a ofesi yanu ku Mzuzu asabwerere magetsi akathima, mufunika VPS (seva yobwereka pa intaneti) ya Linux, IP yosasintha, port 25 (khomo lodutsira maimelo) yotsegula, ndi mwayi wosintha DNS (kaundula wolozera domain yanu ku maseva anu).

1. Ikani Postfix, pulogalamu yolandira ndi kutumiza maimelo, pa VPS-yo, yomwe ikhale seva yachiwiri. Isakhale m'nyumba imodzi ndi seva yoyamba, chifukwa zidzazimira limodzi.
2. Mu relay_domains (mndandanda wa mu Postfix wa ma domain omwe seva imawalandirira makalata) lembani domain yanu yokha.
3. Mu DNS, seva yoyamba ipatseni MX 10, yachiwiri MX 20 (MX ndi mzere wosonyeza seva yolandira maimelo). Nambala yaing'ono ndiyo imayesedwa poyamba.
4. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Otumiza spam amakonda kulowera pa seva yachiwiri dala, choncho lembani maadiresi enieni a imelo a ofesi yanu mu relay_recipient_maps (mndandanda wa maadiresi ololedwa mu Postfix), ndipo muikenso chosefera spam.
5. Zimitsani yoyamba, tumizani imelo kuchokera ku Gmail, muyang'ane pa seva yachiwiri ndi postqueue -p, lamulo losonyeza makalata omwe akudikira. Postfix amasunga makalatawo mpaka masiku 5 podikira kuti yoyamba iyake, pokhapokha mutasintha.