Kafoleredwe ka nyumba yachifumu ya ku Kasubi

Paphiri la Kasubi mumzinda wa Kampala ku Uganda pali nyumba yaudzu yotchedwa Muzibu Azaala Mpanga. Kabaka Muteesa I, mfumu ya Abaganda, anaimanga mu 1882 ngati nyumba yake yachifumu, ndipo atamwalira mu 1884 anamuika momwemo. Pambuyo pake munagonanso mafumu ena atatu: Mwanga II, Daudi Chwa II ndi Muteesa II. Nyumbayi ndi yozungulira, kutambalala kwake mamita 31, ndipo denga lake limatsetsereka mpaka kutsala pang'ono kukhudza pansi. Moti wosamala nyumbayi kwenikweni amasamala denga.

Ntchito imayambira mkati. Pamwamba pa nsanamira mumamanga mikombero yoluka ndi masamba a kanjedza, waung'ono kunsonga, ina nkumakula potsika. Ilipo 52, kuimira mafuko 52 a Abaganda, choncho simungachepetse chiwerengerochi pofuna kupepusa ntchito. Mikomberoyi ndiyo imagwira mabango oyalidwa mothinana, omwe udzu umagonapo. Pokonza nyumbayi mu 1938 anaikamo zitsulo ndi nsanamira zakonkire, koma anazibisa kuti diso lione mtengo, bango ndi chiwondo basi.

Udzu wake ndi nansongole. Umwetedwe utakhwima, uume bwino, kenaka muukunthe kuti zinyalala ndi udzu wofupika zichoke. Wauwisi kapena wonyowa umachita nkhungu mkati mwa mtolo, denga nkuyamba kuola musanatsike n'komwe pamakwerero.

Apa ndiye pagona luso lonse. Udzuwo mumaumanga m'timitolo tosongoka mbali imodzi. Mizere yoyambirira ya m'munsi yokha ndiyo mumaimangirira ku mabango, chifukwa ndiyo imasenza inzake. Timitolo totsalato mumangotisanjika mothinana, mzere pamwamba pa mzere, kukwera mpaka kunsonga, osamanga ndi luzi ayi. Chimagwira ndi kulemera kwa udzuwo ndi kupanikizana kwake. Amene anazolowera kufolera nyumba zakumudzi angaone ngati ulesi, koma phindu lake limaoneka pokonza: mtolo ukaola mumangousolola, nkulowetsa watsopano pamalo pomwepo, denga lonse osaliphwasula.

Ndiye musadikire kuti mkati muyambe kudontha. Mvula ikatha, zungulirani nyumba mukuyang'ana pamene udzu wada, pamene pachita kadzenje, kapena pamene pamera ndere. Kadzenje kamasunga madzi, madziwo amaoletsa mitolo yoyandikana nayo, kenaka mabango apansi. Zikafika pamabango ntchito yakula kale, chifukwa muyenera kuchotsa udzu wambiri kuti muwafikire. Samalaninso kutsetsereka kwa denga. Denga laudzu likachepera madigiri 45, madzi sathamanga, amalowerera. Nthambi za mitengo zisapatse denga mthunzi, ndipo chiswe muzichiyang'ana patsinde pa nsanamira iliyonse.

Si aliyense amene amakwera padengali. Kufolera ndi kwa fuko la Ngeye, ndipo ana amaphunzira kwa akulu awo ali pantchito pomwepo. Kukuta nsanamira ndi chiwondo, nsalu yosula kuchokera ku khungwa la mtengo wa mutuba, ndi kwa fuko la Ngo, la nyalugwe. Ofolera amadika, sagona ndi akazi mpaka ntchito itatha, ndipo mayi woyembekezera saloledwa kulowa pa nthawiyi. Eni mwambo amati mukaphwanya zimenezi denga lidzadontha.

Mdani wamkulu ndi moto. Usiku wa pa 16 Malichi 2010 nyumbayi inapsa, patatha zaka zoposa 8 bungwe la UNESCO litaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse. Chifukwa cha motowo malowa anaikidwa pagulu la malo omwe ali pachiopsezo, ndipo anachotsedwapo mu 2023, ntchito yomanganso itapita patsogolo. Udzu wochuluka chotere ukagwira moto ndowa sizithandiza. Pafunika thanki yamadzi yodzaza nthawi zonse, pampu yosadalira magetsi okha, mapaipi ofika kunsonga kwa denga, ndi alonda odziwa kutsegula zonsezi mumdima.