Momwe mungaseweretsere ligi ya hockey pa malamulo a 1893, chaka chomwe Montreal idatenga Stanley Cup yoyamba

Mu 1893, Montreal Hockey Club idamwetsa zigoli 38 m'masewero asanu ndi atatu. Ottawa idamwetsa 49, koma chikho cha Stanley Cup chidapita ku Montreal, yomwe idapambana masewero asanu ndi awiri, n'kugonja amodzi okha, ndipo pagolo pake padadutsa zigoli 18 basi. Kuti mumvetse bwino chomwe chidachitika, sewerani hockey ya pa ayezi monga ankaisewerera anthu a nthawi imeneyo.

Yambani ndi ndondomeko ya ligi. Bungwe la Amateur Hockey Association of Canada lidali ndi matimu asanu chaka chimenecho: Montreal Hockey Club, Ottawa, Quebec, Montreal Crystals ndi Montreal Victorias. Timu iliyonse inkakumana ndi inzake kawiri, ndiye masewero onse adalipo 20, kuyambira Januwale mpaka Malichi. Ndime yachipulula kudalibe. Yemwe wathera pamwamba, chikho n'chake. Musawonjezere fainolo, chifukwa kukoma kwa ndondomekoyi kuli pomwepo. Montreal idagonja kwa Ottawa 4 kwa 2 pa 7 Januwale, masewero oyamba enieni, ndipo kuchokera tsiku limenelo sidayenerenso kupunthwa. Pa 18 Febuluwale idabwezera 7 kwa 1.

Bwalo lamakono la mamita 61 m'litali ndi 26 m'lifupi ndi lokwanira, popeza Victoria Skating Rink ya ku Montreal, komwe ena mwa masewerowo ankachitikira, idali pafupifupi mamita 62 ndi 24. Uzani osewera kuti mizere yabuluu ndi wofiira wapakati aione ngati palibe. Chotsani magolo a ukonde. Golo la nthawi imeneyo lidali mitengo iwiri yokha, yotalika mamita 1.22, yotalikirana mamita 1.83, popanda mtanda pamwamba. Musaboole ayezi kuti muzike mitengoyo, pansi pa bwalo lamakono pali mapaipi oziziritsa ndipo mukawaboola mwawononga bwalo lonse. Ikani mitengo yapulasitiki pa matsinde olemera a mphira, yoti munthu akaiwomba igwe.

Kuseri kwa golo lililonse kuime munthu mmodzi woweruza zigoli. Popanda ukonde, puck (kachimbale komwe osewera amamenya ndi ndodo m'malo mwa mpira) imadutsa n'kupitirira, ndipo ikadutsa chapamwamba penipeni, mkangano umabuka nthawi yomweyo. Gwirizanani masewero asanayambe kuti mawu a woweruzayo ndi omaliza. M'vekeni chipewa cholimba ndi zotchinga miyendo, chifukwa waima pomwe puck imathera.

Puck ndi yomweyi ya lero, yamphira wolimba, masentimita 7.6 m'mimba mwake ndi 2.5 kuchindikala. Isungeni mufiriji mpaka nthawi yoyamba, yotentha imanjanja. Ndodo zikhale zamtengo, za mutu wosapindika, ndipo pasakhale pomwe yapitirira masentimita 7.6 m'lifupi. Kukweza ndodo kupitirira phewa n'koletsedwa. Pa zipewa ndi zotchinga mano, musatsanzire makolo aja. Iwo ankasewera mitu ili pamtunda, inu valani.

Timu ndi anthu asanu ndi awiri. Goloboyi, kenako point, kenako cover point, ndipo awiriwa saima moyandikana ngati otchinga kumbuyo a lero, amaima wina kutsogolo kwa mnzake, molunjika golo. Ku Montreal pagolo padali Tom Paton, James Stewart adali point, Allan Cameron adali cover point. Kutsogolo kuli anayi: wapakati, awiri a m'mbali, ndi rover, yemwe alibe malo ake enieni, amathandiza kumwetsa n'kubwereranso kudzatchinga. Malo a rover mupatse munthu wa mpweya wautali kuposa onse, osati waliwiro kuposa onse.

Lamulo lomwe lidzakuvutitseni kwambiri ndi ili: kupatsira puck kutsogolo kulibe. Wosewera aliyense ayenera kukhala kumbuyo kwa puck kapena mofanana nayo mnzake akamaimenya. Akakhala kutsogolo, ndi ofusayidi, ndipo sangaikhudze mpaka mdani ataikhudza kapena mnzake wa puck atamupitirira. Osewera ozolowera hockey ya lero amathamangira pagolo la adani okha osadziwa, thupi lidazolowera. Mukangowaponya m'masewero osakonzekera, wezulo imalira mphindi iliyonse ndipo anthu amatopa nazo chigawo choyamba chisanathe.

Mankhwala ake ndi kuyeserera kwa anthu anayi. Aimikeni mzere wopingasa bwalo, wa puck atsogole ndi phazi limodzi kapena awiri. Akakumana ndi mdani, asiye puck kumbuyo kwake kapena aikankhire cham'mbali, wolandirayo ndiye atsogole, wopatsayo achepetse liwiro n'kubwerera m'mzere. Kuchepetsa liwiro kumeneku ndiko ambiri amaiwala. Bwerezani mpaka anayiwo azidutsa bwalo lonse wezulo osalira. Woyimbira naye aziyenda mofanana ndi puck, akatsalira mamita asanu okha sangaone yemwe wapitirira.

Otchinga kumbuyo ali ndi chida chawo: kunyamula puck. Point kapena cover point akapanikizidwa, amalowetsa mutu wa ndodo pansi pa puck, n'kuipeperetsa m'mwamba ndi ndodoyo mpaka ikagwere kutali kumbali ya adani. Si kupatsira, ndi kuchotsa moto pakhomo, ndipo akutsogolo amapezerapo mpata wopuma. Ikapanda kukwera bwino imagwera pachifuwa pa rover wa adani, golo lili pafupi. Choncho yeserani kwambiri, puck ikhale pafupi ndi chidendene cha ndodo, osati kunsonga.

Goloboyi saloledwa kugwada, kukhala kapena kugona pa ayezi. Aziima, miyendo pamodzi, ndodo pansi, ndipo puck aziikankhira kumakona osati kutsogolo. Kwa goloboyi wa lero, yemwe adaphunzira kugwa ndi mawondo, izi zimawawa kuposa china chilichonse. Mukaona zigoli 18 za Paton m'masewero asanu ndi atatu, kumbukirani kuti ma puck ena onse omwe adani adawombera pagolo adawatchinga ali chiimire.

Nthawi ndi zigawo ziwiri za mphindi 30, kupuma mphindi khumi pakati. Kusintha osewera kulibe. Wina akavulala n'kutuluka, timu inayo ichotse mmodzi kuti chiwerengero chifanane. Wosewera wa lero amakhala pa ayezi masekondi osakwana 60 n'kukapuma, ndiye akayamba ndi mphamvu zonse, pofika mphindi ya 15 miyendo imakhala itatha. Timu yodekha, yosunga malo ake, ndiyo imamwetsa kumapeto kwa chigawo. Ife tikuona kuti osewera osazolowera ayambe ndi zigawo za mphindi 20, azikwera pang'onopang'ono. Popuma musaitane makina osalaza ayezi. Kokolani chipale ndi mafosholo basi, kuti chigawo chachiwiri puck iziyenda molemera monga inkachitira.

Poyambitsa masewero, woyimbira saponya puck, amaiika pansi pakati pa ndodo ziwiri n'kulamula kuti ayambe. Avale magolovesi olimba, zala zimamenyedwa pamenepo.

Chomaliza choti mukonzeretu ndi yemwe adzalandire chikho. Chikho chomwe Lord Stanley, bwanamkubwa wa Canada, adagula ndi ma guinea khumi (ndalama zakale za ku Britain), chidaperekedwa mu 1893 kudzera ku Montreal Amateur Athletic Association, bungwe lomwe timuyi idali pansi pake. Osewera sadasangalale kuti akuluakulu a bungwe awalandirire chomwe adachivutikira okha, ndipo adachikana. Timuyi idadzachilandira mu 1894, koma dzina lomwe lidazokotedwa pa chikhocho ndi Montreal AAA, chidule cha dzina la bungwe lija. Lembani m'malamulo a ligi yanu, masewero oyamba asanachitike, dzina loti lidzalembedwe pa chikho ndi munthu woti adzachinyamule.